Galimoto ili m'mwamba, amalume ali kunsi kwake: chikugwira n'chiyani?

Amalume anga ndi makaniko. Kwa zaka zoposa 20 akhala akukonza magalimoto ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, ndipo ntchito yambiri aigwira atagona chagada pa katoni, galimoto itakhala pa jeke ndi zidutswa za matabwa. Msana wawo ndi umene ungakuuzeni bwino nkhaniyo. Chaka chatha anaganiza zomanga galaja yawoyawo kunyumba. Anabwereka ndalama ku banki m'khonde n'kugula lifiti yogwirapo kale ntchito. Lifiti imene ndikunena si ija mumaimika pamsewu mukasowa ya minibasi ayi. Ndi makina okwezera galimoto: mizati iwiri yachitsulo yoima uku ndi uku, uliwonse uli ndi mikono iwiri imene imalowa kunsi kwa galimoto n'kuinyamula mpaka munthu wamkulu kuyenda pansi pake ali chilili.

Lifiti itafika anandiimbira foni. Ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndiye amalume amanditchula kuti "a sayansi", kaya monyadira kaya mondiseka. "A sayansi, bwerani Loweruka mudzaone. Lolemba tikuyamba ntchito." Pabwalo pawo panali kale silabu ya konkire imene ankaimikapo galimoto. Maganizo awo anali ongoimika mizati pamenepo, kumanga mabawuti, kukhoma malata pamwamba, basi galaja yatha.

Mkulu amene anabwera kudzaimika lifitiyo sanathamangire kumasula katundu. Anatenga drill n'kuboola kabowo kamodzi pasilabu paja, kenako analowetsamo waya. Pa masentimita 7 okha, waya unali utakhudza kale dothi. Anapukusa mutu. "Bambo, pano ine sindimangapo. Kabuku ka lifitiyi kakufuna konkire yokhuthala masentimita osachepera 15, yolimba 3,000 psi, komanso yoti yatha masiku 28 chiithirireni."

Amalume nkhope inasintha. "Silabu imeneyi yanyamula Hilux zaka zisanu, ndi mng'alu womwe ilibe. Lero ndiye ikanike?" Anatembenukira kwa ine. "A sayansi, tawauzani akuluwa."

Ngongole inali itayamba kale kuwerenga masiku, ndipo ana awiri ankadikira fizi. Kuswa silabu kunkatanthauza mwezi wathunthu lifiti ili gone. Ine ndinkafunitsitsa kuti amalume akhale olondola. Ndinatola khala n'kuyamba kuwerengera pasilabu pomwepo.

Samu yolondola, funso lolakwika

Tiyeni tiiwerengere limodzi, ndi ya m'kalasi yomweyi. Hilux imalemera pafupifupi makilogalamu 2,000. Dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi mphamvu ya pafupifupi 10 N, ndiye galimotoyo ikukanikiza pansi ndi 20,000 N. Mizati ilipo iwiri, uliwonse utenga 10,000 N. Phazi la mzati, chitsulo chafulati chimene chimakhala pakonkire, linali pafupifupi masentimita 50 mulitali ndi 40 mulifupi, kutanthauza 0.2 m². Paja pressure timaipeza pogawa mphamvu ndi kukula kwa malo amene mphamvuyo ikukanikiza. 10,000 kugawa ndi 0.2 ikutipatsa 50,000 Pa, imene ndi 0.05 MPa.

Nanga 3,000 psi ya m'kabuku ija? Imeneyo ndi pafupifupi 21 MPa. Kuti muione bwino, yang'anani chikhadabo chanu. Kamalo ka konkire kakakulu choncho, 1 cm², kangasenze makilogalamu oposa 200, matumba 4 a simenti, kasanaphwanyike. Mukagawa 21 ndi 0.05 mupeza 420. Ndiye kuti konkire yabwino ingapirire kulemera kwa Hilux ija kuchulukitsa ka 420. Ngakhale ya amalume ikanakhala yofooka ndi theka, mpata unali waukulube.

Ndinadzuka monyada, makala ali m'manja, n'kunena kuti amalume akunena zoona. Mkulu uja sanatsutse nambala ndi imodzi yomwe. Anangoloza ndowa ya madzi imene inali pakhonde. "Aphunzitsi, tanyamulani ndowa iyo. Muiike kutsogolo kwanu, manja mutatambasula."

Nanunso kayeseni mukaweruka. Ndowa ikakhala pamutu, mapazi onse amaponda pansi mofanana. Koma mukaitambasulira kutsogolo, zala za kumapazi zimakanikiza pansi kwambiri, ndipo zidendene zimafuna kunyamuka. Ndili chiimire ndi ndowayo, zidendene zikupepuka, ndinazindikira pamene ndinasochera. Ndinkafunsa ngati mzati ungaphwanye konkire poiponda. Funso lenileni linali lakuti: kodi konkire ingagwire chidendene cha mzati kuti chisanyamuke?

Mzati sungoponda, umazulanso

Galimoto sikhala pamwamba pa mzati ngati mtsuko pamutu. Imakhala pakati pa mizati iwiri, pamikono ija. Kulemera kwake kumafuna kugwetsera mzati uliwonse mkati. Mphamvu yopendamitsa chinthu chotere ndi imene mumaitcha moment m'kalasi: mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda kuchokera pamene chinthucho chingapendamire.

Tiyerekeze manambala osavuta. Mzati ungapendamire m'mphepete mwa phazi lake, mbali yamkati. Tinene kuti mikono yagwira galimoto pa mamita 0.7 kuchokera pamenepo. Moment ndi 10,000 kuchulukitsa ndi 0.7, imene ndi 7,000 Nm. Choletsa mzati kugwa ndi mabawuti a mbali yakunja, chidendene chija. Iwo ali pafupi, tinene mamita 0.35 okha. Kuti moment yawo ifanane ndi ya galimoto, akuyenera kugwira ndi mphamvu ya 7,000 kugawa ndi 0.35, imene ndi 20,000 N. Mwaona? Mzati ukusenza theka chabe la galimoto, koma mabawuti ake akunja akukokedwa m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa galimoto yonse. Ndi mmene hamala imazulira msomali: dzanja lili kutali, msomali uli pafupi, ndiye mphamvu yochepa ya dzanja imasanduka yaikulu pamsomali.

Onjezeranipo kuti galimoto yokonzedwa sikhala phee. Makaniko akachotsa giyabokosi, kulemera kumasunthira mbali ina. Akakoka sipanala ndi thupi lonse pomasula nati yochita dzimbiri, galimoto imagwedezeka. Kugwedezeka kulikonse kumafika ku mabawuti aja.

N'chifukwa chake zaka zisanu za Hilux ija sizinali umboni. Itaima pa matayala ake, inkangokanikiza pansi, dothi la kunsi n'kumathandiza kusenza. Palibe chimene chinkakoka konkire m'mwamba. Ndipo konkire ili ndi khalidwe ili: imapirira kwambiri kukanikizidwa, koma ikakokedwa mphamvu yake imangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Choko chili chimodzimodzi. Chikanikizeni kunsonga zonse ziwiri ndi zala, sichisweka. Chipindeni pang'ono, thyo! Chimathyoka chifukwa popinda, mbali imodzi imakokedwa.

Chikhomo cha mbuzi

Bawuti ya lifiti imalowa m'bowo loboola mukonkire youma kale. Kumunsi kwake kuli kachitsulo kamene kamatambasuka mukamamanga nati, n'kuluma m'makoma a bowolo. Bawuti yotere ikakokedwa mopitirira muyeso, kawirikawiri chitsulocho sichiduka. Imazuka pamodzi ndi chibuma cha konkire chooneka ngati fanulo, chosongoka kunsi, chotambalala pamwamba.

Amene munamangirirapo mbuzi mukudziwa. Chikhomo chokhoma pang'ono, mbuzi ikakoka chimazuka ndi kadothi kochepa. Chokhoma mozama, kuti chizuke pamafunika kung'amba dothi lalikulu lozungulira. Bawuti ikalowa mozama kawiri, mphamvu yofunika kuizula imakwera pafupifupi katatu, chifukwa fanulo ija imakula mulitali ndi mulifupi momwe. Pasilabu ya masentimita 7, bawuti ikanangoluma kachikhungu kopyapyala, kapena kubowoleza n'kukalendewera m'dothi. Pa chifukwa chomwecho bawuti siikidwa pafupi ndi mphepete mwa silabu kapena pafupi ndi mng'alu: pamenepo fanulo imakhala yodukiza, gawo lina la konkire yogwira palibe.

Nditafotokoza zimenezi, amalume anakhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana kabowo kaja. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye ikazuka, ine ndimakhala ndili pati?" Palibe anayankha. Lolemba m'mawa, m'malo mokweza galimoto yoyamba, anyamata anayamba kuswa silabu ndi hamala yaikulu.

Zimene maso sadzaonanso

Ntchito yofunika kwambiri pa galaja yonse ndi imene pano yakwiririka. Choyamba anakumba n'kuchotsa dothi lonse lapamwamba, lija lakuda la mizu, mpaka anafika pa katondo wolimba. Amalume anachita mwayi. Akanakhala kudambo, pa makande, nkhani ikanavuta, chifukwa makande amafufuma akamwa madzi m'dzinja n'kunyala mpaka kung'aluka m'chilimwe. Silabu yokhala pa dothi lotere imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka mpaka kusweka.

Kenako anathiramo miyala ndi dothi lamiyalamiyala pang'onopang'ono, gawo lililonse kuwazako madzi n'kulitsendera mwamphamvu asanathire lina. Dothi losatsendera lili ndi mipata ya mpweya. Limadzatitimira lokha pambuyo pake, n'kusiya silabu ikulendewera pamwamba pa mphako. Pamwamba pake anayala pulasitiki wakuda, kuti dothi lisamwe madzi a konkire yatsopano, komanso kuti chinyontho cha pansi chisamakwere.

Tinagwirizana kuti mizati yonse iwiri ikhale pa chimwala chimodzi cha konkire: mamita 4 mulitali, 2 mulifupi, masentimita 20 kukhuthala. Pansi pa galaja yonse yotsalayo masentimita 10 anali okwanira, popeza pamenepo galimoto imangoima pa matayala. Werengerani: 4 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 1.6 m³. Konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa 1 m³, ndiye chimwalacho ndi makilogalamu 3,840. Chidendene cha mzati chikafuna kunyamuka, chimapeza kuti chamangiriridwa ku chinthu cholemera pafupifupi kawiri kuposa galimoto imene ili m'mwamba.

Mkati mwake munalowa zitsulo za Y12, zija za mamilimita 12 zokhala ndi mizeremizere, zolukidwa ngati ukonde, mpata wa masentimita 20, maukonde awiri, wapansi ndi wapamwamba. Apa pali kugawana ntchito: konkire imasenza kukanikiza, chitsulo chimasenza kukoka. Awiriwa amagwirizana chifukwa kukatentha amafutukuka pafupifupi mofanana, ndiye satayana. Koma chitsulo chiyenera kukhala mkati mwenimweni, chitakutidwa ndi konkire ya masentimita 4 kapena 5. Chikagona pa dothi chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokera, ndiye limang'amba konkire kuchokera mkati. Mkulu wa lifiti uja anabweranso kudzaonetsa pamene mabowo adzakhale, kuti drill isadzakumane ndi chitsulo.

Nkhondo ya madzi

Tsiku lothira konkire ndi limene ndinadana ndi anthu. Muyeso unali ndowa 2 za simenti, 3 za mchenga, 6 za miyala ya kwale, ndipo madzi asapitirire malita 25 pa thumba la simenti la makilogalamu 50. Ngati mchenga ndi wonyowa, madziwo achepeko, poti mchengawo wabwera ndi ake. Chimwala chonsecho chinadya matumba 13.

Konkire ya muyeso umenewu ndi yolimba posakaniza, fosholo imalemera. Pa wilibala yachitatu ndinaona mnyamata wina akupendeka chigubu mwakachetechete. Nditamuletsa, amisiri anadandaula: "Aphunzitsi, imeneyi ndi nsima ya mkute. Tiyeni tiifewetseko iziyenda yokha, ikauma ndi chimodzimodzi."

Pamenepo ndi pamene ambiri timalakwitsa. Konkire siuma ngati mmene chimaumira chovala pachingwe, kapena njerwa yadothi padzuwa. Imalimba chifukwa simenti ndi madzi zikakumana zimapanga chinthu chatsopano, ndipo akatswiri a kemisitiri amatcha zimenezi hydration. Simenti imene timagwiritsa ntchito ndi ya mtundu wa Portland, dzina limene womanga nyumba wa ku Leeds ku England, Joseph Aspdin, analembetsa mu 1824. Amaipanga powotcha miyala ya laimu ndi dongo mu ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,450, kenako n'kupera. Kuno kwathu ntchito yotereyi imachitika mwachitsanzo ku fakitale ya Shayona ku Kasungu. Ufa umenewu ukakhudza madzi, kanjere kalikonse kamayamba kumera tinthu ting'onoting'ono totchedwa calcium silicate hydrate, timene timalukanalukana n'kumanga mchenga ndi miyala pamodzi. Madzi amalowa m'thupi la mwala watsopanowo. N'chifukwa chake konkire imatha kulimba ngakhale pansi pa madzi, ndipo mukaigwira usiku wa tsiku loithira mumamva kufunda: hydration imatulutsa kutentha.

Simenti imamwa madzi okhawo amene ikufuna. Otsalawo amakhala m'timipata, ndipo akadzauluka amasiya timabowo tosaoneka ndi maso, ngati chinkhupule. Mu 1918 katswiri wa ku America, Duff Abrams, anasonyeza kuti kulimba kwa konkire kumadalira kwambiri kuchuluka kwa madzi poyerekeza ndi simenti: madzi akachuluka, mphamvu imatsika. Chigubu chimodzi chowonjezera chimapeputsa ntchito ya tsiku limodzi, koma chimafooketsa malo amene bawuti idzalume kwa zaka zonse.

Amalume ndi amene anathetsa mkangano. "Amisiri, kunsi kwa galimoto kudzakhala ine, osati inu. Chigubucho chichoke." Chinachokadi. Anathira chimwala chonse tsiku limodzi osadukiza, chifukwa konkire ya lero ndi ya mawa sizilumikizana bwino, ndipo ankaibayabaya ndi chitsulo kuti mpweya wotsekeredwa utuluke.

Mchenga nawo tinali titauyesa kale, ndipo mayeso ake mungachite kunyumba. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, siyani usiku wonse. Mchenga umakhala pansi, matope amakhala pamwamba pake ngati kamzere. Kamzereko kakakhuthala, mchengawo ndi wakuda, ndipo matope amatchinga simenti kuti isagwire njere za mchenga.

Masiku 28

Mukamvetsa kuti konkire imalimba ndi madzi, chodabwitsa china chimamveka chokha: pothira timaumira madzi, koma ikangogwira timaithirira ngati dimba. Pothira, madzi ochuluka amatalikitsa njere za simenti n'kusiya mipata. Ikagwira, mpangidwe wake wakhazikika, ndipo chofunika tsopano n'chakuti madzi a mkati asathawe hydration isanathe. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Lilongwe likuswa mtengo. Silabu yosiyidwa padzuwa lotero imauma pamwamba msanga, hydration imaima, ndipo pamwambapo pamatuluka timing'alu ndi fumbi. Tinaifunditsa ziguduli zonyowa, ndipo ana a amalume ankaithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku oposa 7.

Sabata itatha, amalume anaigogoda ndi hamala. Inalira ngati mwala. "A sayansi, imeneyi yapsa. Tikudikiranso chiyani?" Koma pa masiku 7 konkire imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake. Imapitiriza kulimba pang'onopang'ono, ndipo mainjiniya anagwirizana kuti tsiku loyezera likhale la 28. Nambala ija ya 21 MPa ndi ya tsiku limenelo. Kumanga bawuti yotambasuka mukonkire yanthete kuli ngati kukhoma chikhomo m'dothi lonyowa.

Mwezi umenewo sunapite pachabe. Anamanga makoma ndi denga, ndipo apanso panafunika samu. Lifiti imakweza galimoto pafupifupi mamita 1.8, Hilux payokha ndi yaitali pafupifupi mamita 1.8, ndiye pamodzi ndi 3.6. Denga linakwera mamita 4, ndipo aneba ankafunsa ngati akumanga tchalitchi. Amalume anabwerera pa katoni yawo ku Biwi kuti apeze yobweza ku banki m'khonde mwezi umenewo. Sanali okondwa, ndipo masiku ena foni yanga sankayankha.

Tsiku lokweza

Pa tsiku la 29 mkulu uja anabwera ndi drill yake. Nthawi ino inkalira movutikira, ikutulutsa fumbi loyera lokhalokha. Anapemerera fumbi lonse m'mabowo, anaimika mizati ndi levulo, n'kumanga nati iliyonse ndi sipanala yoyeza mphamvu, mpaka pa nambala ya m'kabuku.

Chokweza galimotocho ndi mafuta. Mota imapopa mafuta kudzera m'paipi yopyapyala kupita m'masilinda a m'mizati. Blaise Pascal, wa ku France, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1623 mpaka 1662, ndi amene anafotokoza kuti mukakanikiza madzi kapena mafuta otsekeredwa, pressure imafika paliponse mofanana. Ndiye pisitoni yaikulu ka 20 kuposa ya pampu imakankha ndi mphamvu yochuluka ka 20, ngakhale imayenda pang'onopang'ono. Pa ya pressure ija, dzina lake ndi lomwelo. Koma makaniko wanzeru sadalira mafuta okha, paja paipi imatha kuphulika. M'mizati muli mano achitsulo amene amalira kuti kha, kha, kha galimoto ikamakwera. Ikafika pofunika, amaitsitsa pang'ono kuti ikhale pa manowo. Ikatero, kaya magetsi athima kaya mafuta atayika, galimoto siitsika. Kulemera kwake kumadutsa m'mano, kulowa mumzati, kufika ku phazi, ku mabawuti, mpaka mukonkire.

Anayamba ndi Hilux yomwe ija. Anaikweza masentimita 30 okha, n'kuigwedeza mwamphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Mkuluyo anagwada, akuyang'ana m'mphepete mwa phazi la mzati, mbali yakunja, ngati pangaoneke kampata kapena kamng'alu. Panalibe. Anaitsitsa, anayesanso nati zonse, kenako anaikweza mpaka pamwamba.

Amalume anaima kaye panja pa mizati, manja ali m'chiuno. Kenako analowa kunsi kwa galimoto, ali chilili, koyamba pa zaka zoposa 20. Anayang'ana m'mwamba, ku giyabokosi. Anayang'ana pansi n'kupondaponda konkire ndi nsapato.

"A sayansi," anatero, "tandipatsirani sipanala ya 17."